Chaka chimodzi cha mwana wa achemwali anga

Foni inalira cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, kumapeto kwa Juni 2023, nyengo imene kuno ku Dedza chisanu chimalowa mpaka m'mafupa. Anali mwana wa achemwali anga akuimba pa WhatsApp kuchokera ku America. Kumeneko inali 10 koloko usiku.

"Malume, pepani ndakudzutsani. Ndinapita kwa loya lero. Akuti ndatsala ndi masabata atatu."

Ndinamufunsa kuti masabata atatu a chiyani, poti chitupa cholowera chinali chitatha kale mphamvu ndipo zimenezo tonse tinkazidziwa. Anakhala duu, kenako anati: "Kopempha asayilamu, chitetezo cha othawa kwawo, kuli tsiku lomaliza, malume. Chaka chimodzi kuchokera tsiku lomwe ndinatera. Palibe anandiuza."

Ndinakhala pabedi ndi foni m'manja mpaka kunja kunayera. Amene ndinkamuuza miyezi yonseyo kuti adekhe, asathamangire kumaofesi mapepala asanakwane, ndinali ine.

Dzina lake sinditchula, ngakhale mudzi. Ndingonena kuti anabadwa ndi khungu lachialubino, ndipo ife a mbali ino tikudziwa tanthauzo la zimenezi kuyambira cha kumapeto kwa 2014, pamene kubedwa ndi kuphedwa kwa anthu achialubino kunafika poopsa m'dziko muno. Mu Febuluwale 2019 mnyamata wa zaka 14 anabedwa usiku m'boma lathu lomwe lino. Chaka chimenecho achemwali anga anasiya kugona tulo. Ankatchinga chitseko ndi mtondo ndi thumba la chimanga. Mwana wawoyo akamadutsa pamsika, anyamata ena ankanong'onezana momveka kuti "ndalama zikudutsa." Ndiye usiku wina mu 2021 anthu anaboola khoma la nyumba yake kumbuyo. Anapulumuka chifukwa mwana wake wamng'ono analira, oyandikana nawo n'kudzuka. Pamkono wake wamanzere pali chipsera cha chikwanje mpaka lero.

Mu Julayi 2022 anapeza mwayi wopita ku msonkhano ku America. Anachoka ndi kachikwama kamodzi, mwana n'kumusiya ndi agogo ake. Msonkhano utatha anandiimbira kuti sabwerera. Sindinamutsutse.

Ine ndili ndi kashopu ka fotokope ndi kutayipa pa boma pano, ndiye m'banja mwathu nkhani iliyonse ya mapepala imagwera ine, kaya ndi mafomu a sukulu, makalata a munda kapena ziphaso. Ndinazolowera maofesi akwathu, kumene ukapita ndi fomu yosowa pepala limodzi amakubweza. Choncho ndinamulangiza monga ndimalangizira aliyense: "Iwe usapereke kanthu mpaka nditakutumizira kalata ya lipoti lija, kalata ya amfumu, ndi ya kuchipatala. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Kalata ya amfumu ndinaipeza sabata yomweyo. Buku lake la kuchipatala linali m'sutukesi ya achemwali. Koma kalata ya ku ofesi kumene tinakapereka lipoti usiku wa chikwanje uja inandizunguza miyezi 8. Lero bwana kulibe, mawa faelo sikuoneka, mkuja bwerani Lachisanu. Ine ndinkangobwerera, ndipo nthawi iliyonse ndinkamulembera mwanayo kuti adikire pang'ono.

Lamulo limene linkatiwerengera masiku tonse osadziwa linakhazikitsidwa ndi nyumba ya malamulo ya ku America mu 1996. Limati wopempha asayilamu apereke fomu yotchedwa I-589 chisanathe chaka chimodzi kuchokera tsiku limene analowa komaliza m'dzikomo, ndipo ndi udindo wake kusonyeza momveka bwino kuti sanadutsitse chakacho. Ngati nkhani yako sinafike kubwalo la milandu ya olowa m'dziko, fomuyo imapita ku ofesi yotchedwa USCIS. Chakacho chimayamba kuwerengedwa ndege ikangotera, kapena phazi likangoponda malire. Sayang'ana tsiku lomwe chitupa chako chinatha, kapena tsiku lomwe unaganiza zokhala, kapena lomwe unamva kuti lamuloli liliko.

Apa ndi pamene mwana wathu anasokonezeka, ndipo ndaona ena akusokonezeka pomwepa. Anali ndi masiku atatu osiyana m'mutu mwake. Loyamba linali lolembedwa pa visa m'pasipoti. Lachiwiri linali la pa pepala lotchedwa I-94, losonyeza nthawi imene amulola kukhala, yomwe kwa alendo ongocheza kawirikawiri imakhala miyezi 6. Lachitatu, lofunika kwambirilo, silinalembedwe paliponse. Palibe chidindo chake. Umayenera kuliwerengera wekha.

Loya uja, mayi wa bungwe lina lothandiza anthu mwaulere, anamufotokozera kuti zifukwa zolandirira wochedwa zilipo, koma khomo lake ndi lopapatiza. Ngati zinthu zasintha kwanu kapena pa moyo wako pambuyo poti wafika, mwachitsanzo boma lasintha ndipo atsopanowo akusaka anthu a mtundu wako, ukhoza kupempha chaka chitadutsa. Ngati unadwala kwambiri, m'thupi kapena m'maganizo, kuphatikizapo matenda obwera chifukwa cha nkhanza zimene unathawazo, angakumvere. Chimodzimodzi ngati loya wako anakulakwira, kapena unali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka posachedwa. Koma pa zonsezi umafunika kupereka fomu mwachangu chifukwacho chikangochoka, ndipo uli ndi ntchito yokhutiritsa wogamula. Kunena kuti sindinadziwe, pakokha, sikukwanira. Kunena kuti amalume anga ku Dedza ankadikira kalata ndiye sikungakupulumutse n'komwe.

Ndinafunsa kuti nanga akanachedwa, akanangomukweza ndege? Yankho lake ndi limene linandiziziritsa nkhongono kuposa zonse. Wochedwa akhoza kupemphabe chitetezo china chakuti asabwezedwe kwawo, ndiponso chitetezo cha pangano loletsa kuzunza anthu. Zimenezi zilibe tsiku lomaliza. Koma umboni wake ndi wolemera: uyenera kusonyeza kuti ukabwerera, mwayi woti uzunzidwa ndi waukulu kuposa woti suzunzidwa, pamene pa asayilamu mantha omveka ndi okwanira. Ndipo ngakhale upambane, sulandira chilolezo chokhala mpaka kalekale, ndipo sungaitanitse mwamuna, mkazi kapena mwana amene anatsala kumudzi. Wolandira asayilamu amatha kuitanitsa mwana wosakwatira wosakwana zaka 21, pa fomu ina yotchedwa I-730, imenenso ili ndi malire ake a zaka ziwiri. Kamwana kaja kanalira usiku wa chikwanje kali kuno, kamagona ndi agogo ake. Masabata atatu aja anali a kamwanako.

Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chake munthu wanzeru, wophunzira, amene anathawa imfa yeniyeni, anakhala miyezi 11 osagogoda pa khomo la loya. Gawo langa ndalinena. Koma panalinso zina. Miyezi yoyamba ankangogona. Anandiuza pambuyo pake kuti kanali koyamba m'zaka zambiri kugona mpaka m'mawa osadzuka kumvetsera phokoso la kuseri kwa nyumba, ndipo sankafuna kuti wina amufunsenso za usiku uja. Fomu ya asayilamu imafuna kuti ulembe zonsezo, ndani, liti, anati chiyani, unamva bwanji. Munthu amene wangopeza kumene mpumulo amazengereza kutsegulanso bala. Sindimuimba mlandu pa chimenecho.

China ndi ife abale. Atangokhazikika kwa mayi wina wa kutchalitchi amene anamusunga, mauthenga anayamba. Wina akufuna feteleza wa kachewere, wina fizi, wina malata. Palibe ngakhale mmodzi wa ife anamufunsa kuti mapepala ako ali pati, kupatula ine, ndipo ine ndinkafunsa kuti ndimuuze adikire. Kwathu kuno munthu akafika kunja timamuyesa wafika, ngati ulendo watha. Tinamusandutsa nkhokwe iye akadali mlendo wopanda pokhala. Chinanso ndi alangizi a m'magulu a WhatsApp, amene aliyense ali ndi msuweni wake amene "anachita bwinobwino patatha zaka zisanu." Wina anamuuza kuti ukapereka msanga amakukayikira. Zoona zake n'zosemphana ndi zimenezo.

Chimene chimandivuta kumvetsa, ndikakhala ndekha m'shopu, n'chakuti ine ndinakula ndikuona anthu othawa kwawo tsiku ndi tsiku, koma za tsiku lomaliza sindinazimvepo. Kwathu kwenikweni ndi kufupi ndi Lizulu, kumene msewu wa M1 ndiwo malire: tsidya lino Malawi, tsidya linalo Mozambique. Mu 1986, ndili mnyamata wa sitandade 5, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inakula ku Angonia, ndipo anthu anayamba kuwoloka msewu m'magulumagulu, atasenza mphasa, mapoto ndi ana. Ambiri anali abale athu ndithu, Angoni ndi Achewa a mfunda umodzi ndi ife, olankhula chinenero chathu chomwechi. Agogo anga analandira banja la anthu 7 ochokera cha ku Ulongwe, n'kuwapatsa khitchini kuti azigonamo, kenako kachigawo ka dimba. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Malawi inkasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni, ndipo Dedza ndi Ntcheu anali ena mwa maboma amene anasenza katundu wolemera. Mitengo inatha m'mapiri, mizere ya pachitsime inatalika. Koma palibe amene anaitanidwa payekhapayekha kuti afotokoze chifukwa chomwe wachedwera kudzilembetsa. Onse ankatengedwa kuti ndi othawa nkhondo chifukwa nkhondoyo tinkaimva ndi makutu athu usiku. Ankalembedwa maina kuti alandire makadi a ufa ndi nandolo, basi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anayamba kubwerera, ndipo ena anatsala chifukwa cha maukwati.

Nafenso tinathawirapo tsidya linalo. Akuluakulu a kuno amakumbukira a Mboni za Yehova amene anathawa m'dziko muno m'zaka za m'ma 1970, chipembedzo chawo chili choletsedwa, n'kukamanga misasa ku Mlangeni mbali ya Mozambique. Ndiye m'mutu mwanga, ndi m'mitu ya anthu ambiri a m'malire muno, kuthawa n'kuwoloka msewu, n'kupeza wachifundo wokupatsa khitchini. Maganizo amenewo ndi amene ndinamutumizira mwana wa achemwali anga ku dziko limene limayamba lafunsa kaye tsiku.

Sindikunena kuti kwathu kuno n'kwabwino kuposa kwina. Amene anaona zimene zinachitika mu Meyi 2023, pamene othawa kwawo ochokera ku Burundi, Rwanda ndi Congo anasonkhanitsidwa m'matauni n'kubwezedwa ku Dzaleka atawadutsitsa kundende ya Maula, sanganene zimenezo. Msasa wa Dzaleka ku Dowa unatsegulidwa mu 1994 pamalo amene kale anali ndende ya akaidi a ndale, ndipo lero muli anthu oposa 50,000 pamalo oyenera anthu ochepa kwambiri kuposa pamenepo. Nawonso anapatsidwa tsiku lomaliza ndi boma lathu lomwe.

Ku America n'kutali, ndipo a kuno amene amafikako ndi owerengeka. Njira imene ana athu ambiri amadziwa ndi ya ku Joni: kutuluka pa chipata cha Dedza, kulowa Calomue, kudutsa Tete, Nyamapanda, mpaka Beitbridge. Kumeneko masiku ake ndi ochepa zedi. Malamulo a ku South Africa amati wofuna asayilamu anene pachipata pomwepo, alandire chitupa cha masiku 5, ndipo akaonekere ku ofesi yolandira othawa kwawo masikuwo asanathe. Kale anali masiku 14. Maofesi akewo ndi ochepa, ku Musina, Pretoria, Durban, Gqeberha ndi Cape Town, m'dziko lalikulu ngati lija. Bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linagamula mu 2018, pa mlandu wa munthu wina wa ku Rwanda wotchedwa Ruta, kuti kuchedwa pakokha sikungatsekere munthu mwayi wopempha chitetezo. Mu Disembala 2023 bwalo lomwelo linathetsa ndime imene inkati amene wachedwa mwezi umodzi kukonzetsanso pepala lake la asayilamu ndiye kuti wasiya yekha pempho lake. Zigamulo zimenezi n'zabwino, koma zinabwera chifukwa anthu anavutika kaye. Wapolisi wokuimitsa pamsewu ku Johannesburg amayang'ana tsiku lolembedwa pa pepala lako, ndipo ambiri amakafotokoza za ufulu wawo ali kale ku Lindela, malo osungirako anthu obwezedwa kwawo, kudikira basi yobwerera.

Pano ndiyenera kunena chinthu chimene ena sachikonda. M'shopu mwanga mumabwera anyamata ofuna ndiwatayipire "nkhani ya asayilamu" imene transipota kapena m'bale wawo wawauza kuti akanene. Ndimakana. Umphawi ndi wowawa, ndimaudziwa, koma asayilamu ndi ya munthu amene akuopa kuzunzidwa chifukwa cha mtundu wake, chipembedzo, dziko lake, maganizo a ndale kapena gulu la anthu limene iye alimo, ndipo boma lake silikutha kumuteteza. Ku America, ukapezeka kuti unapeka nkhani mwadala, umatsekeredwa mpaka kalekale mwayi wina uliwonse wa mapepala. Ndipo nkhani yabodza iliyonse imachititsa wogamula kukayikira Mmalawi wotsatira pamzere, amene mwina ali ndi chipsera chenicheni pamkono.

Masabata atatu aja tinawagwiritsa ntchito motere. Loya anati fomu ipite ndi zimene zilipo, umboni wina udzatsatira, poti lamulo limalola kuwonjezera mapepala nthawi yofunsidwa mafunso isanakwane. Mawu amenewo akanandipeza mu Seputembala 2022, bwenzi nkhani yonseyi palibe. Chofunika choyamba chinali kusonyeza tsiku limene analowera, ndipo apa zinali zosavuta chifukwa anali ndi pasipoti, I-94 ndi tikiti ya ndege imene mwamwayi anaisunga m'Baibulo. Amene amalowa mozemba amavutika kwambiri pamenepa, chifukwa alibe pepala lililonse lonena kuti anafika liti. Chachiwiri chinali nkhani yake yolemba yekha. Ankalemba usiku m'Chichewa, chifukwa anati zinthu zina sizituluka m'Chingerezi, kenako n'kumamasulira ndi loya masana. Masiku ena ankandiimbira kundifunsa mwezi weniweni umene chinachitika chakutichakuti, popeza tsiku limodzi losemphana ndi la pa buku la kuchipatala likhoza kudzamupweteka pofunsidwa.

Ine mbali yanga inali kuthamanga ndi njinga yamoto. Ndinapita kumudzi kukatenga umboni wa oyandikana nawo awiri amene anadzuka usiku uja. Mmodzi, bambo wachikulire, sadziwa kulemba, ndiye ndinamulembera mawu ake momwe ankalankhulira, n'kumuwerengera kawiri, iye n'kudinda chala. Atamaliza anandifunsa kuti, "Kodi aphunzitsi, kumeneko sakhulupirira munthu akangonena?" Amanditchabe aphunzitsi chifukwa ndinagwirako choko zaka zingapo. Ndinamuyankha kuti amakhulupirira, koma amafuna aone papepala. Pepala lililonse la m'Chichewa linafunika kumasuliridwa m'Chingerezi, womasulirayo n'kusainira kuti amadziwa zinenero zonse ziwiri ndipo wamasulira mokhulupirika. Magetsi anazima masiku awiri otsatizana, ndinakachita sikani pa jenereta ya mnzanga wa butchala. Kalata ija ya miyezi 8 sinatuluke, ndipo fomu inapita popanda iyo.

Inalandiridwa kutatsala masiku 9.

Sindikufuna wina awerenge izi n'kuganiza kuti nkhani inatha bwino, chifukwa sinathe. Patapita masiku 150 anapempha chilolezo chogwira ntchito, monga malamulo ankanenera panthawiyo, ndipo anachipeza. Amasamalira okalamba. Koma mlandu wake weniweni sunagamulidwe, akudikira limodzi ndi anthu ochuluka zedi, ndipo malamulo akumeneko akhala akusintha kawirikawiri, moti ndimamuuza kuti chilichonse azifunsa loya, asamafunse ine. Sangabwere kumudzi, ngakhale pamaliro, chifukwa wobwerera kudziko limene akuti akuliopa amagwetsa yekha pempho lake. Akasamuka nyumba ayenera kudziwitsa boma pasanathe masiku 10, kuopa kuti kalata yomuitana ingapite ku adiresi yakale. Masiku owerenga sanathe, angosintha maina.

Chimene ndinasintha ine ndi chaching'ono. Munthu akabwera m'shopu kudzachita fotokope pasipoti, ndikamva kuti akupita kunja ndipo kumbuyo kwake kuli mantha enieni, ndimamupatsa mpando. Ndimamuuza kuti tsiku lofika alilembe, tikiti asataye, ndipo sabata yoyamba afunse loya kapena bungwe lothandiza othawa kwawo kuti dziko limenelo limapereka masiku angati. Ku Britain, mwachitsanzo, kulibe chaka chimodzi cholembedwa, koma lamulo la 2004 limalola wogamula kukukayikira ngati unachedwa kupempha popanda chifukwa, ndipo ukakanidwa uli m'dzikomo umakhala ndi masiku 14 okha ochita apilo. Dziko lililonse lili ndi wotchi yake. Ndipo makolo akabwera kudzatumiza uthenga wopempha ndalama kwa mwana amene wangopita kumene, ndimawapempha kuti mzere woyamba ukhale wofunsa za mapepala ake.

Kalata yotsimikiza kuti fomu inalandiridwa anandijambulira n'kunditumizira. Ndinaisindikiza pa pepala lolimba, n'kupita nayo kumudzi. Achemwali anga sadziwa Chingerezi. Anaigwira ndi manja awiri, n'kundifunsa kuti tsiku lili pati. Ndinawalozera. Anayang'ana manambalawo nthawi yaitali, kenako anaitana mdzukulu wawo amene ankasewera kuseri kwa nkhokwe.

"Bwera udzaone kalata ya amako."

Mwanayo anapukuta manja pa malaya, n'kuiyang'ana mozondotsa. Anafunsa ngati yalembedwa tsiku limene amayi ake akubwera kudzamutenga. Achemwali anandiyang'ana ine kuti ndiyankhe.

"Limenelo sanalembe," ndinatero. "Ili ndi tsiku limene anakupempherera malo."

Anaipinda bwinobwino achemwali, n'kuiika m'buku lawo la nyimbo, limene limakhala pansi pa pilo.